Mwana Wolandira ndi Dzanja Limodzi

Mawu a Che Halidi, wamalonda a mchere ndi nsalu, potsegulira nyumba yosungiramo ana ozunzika ku Mbulumbuzi, m'chaka cha 1913.

Olemekezeka a mfumu Kalinde, eni nthaka imene taimapoyi, amene munapereka malo ano osafunsa ngakhale nkhuku. Olemekezeka Shehe Abdulkarim, amene mwayenda mtunda wautali ndi bondo lanu lotupalo kuti mudzakhale nafe. Olemekezeka aphunzitsi a Overtone, pamodzi ndi ana anu a sukulu amene atiimbira mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Olemekezeka anamkungwi ndi amayi nonse amene munasenza udzu wa dengali pamitu panu. Abambo nonse amene munaumba zidina ndi kudula mapaso. Olemekezeka a Mateyu ndi akazi anu a Idesi, amene ndakusungirani kumapeto mwadala chifukwa ndili nanu mawu. Ndi iwe Felista, mwini tsiku lino: ndakuonani nonse, ndipo ndikupempha makutu anu.

Ndikuthokoza kuti mwandiyesa munthu. Ine si mfumu, sindine shehe, zilembo za ku sukulu ndimangoziona ngati mapazi a nkhuku, komabe mwandiitana kuti ndikhale mlendo wolemekezeka, ndipo mwandikhazika pampando wa miyendo inayi wobwereka kwa aphunzitsi. Mpandowo ndi wabwino, sindikuunyoza. Koma uli kutali. A Mateyu mwawakhazika pamphasa yong'ambika, koma taonani amene wakhala pambali pawo, n'kumawachotsa udzu paphewa. Mukanandifunsa, ndikanasankha mphasayo.

Mukuseka, koma ine ndikunena zoona. Ndine munthu wa nsanje, ndipo sindinabwere kudzapepesa. Pali liwu limodzi limene ndakhala ndikulidikira pakamwa pa mwana uyu kuyambira ali wofika m'chiuno mwangamu, loti anditche ababa. Mpaka lero sananditchepo. Liwulo anapatsa a Mateyu, ndipo a Mateyu amalimva m'mawa ndi madzulo ngati chinthu chotola. Felista wandilola kuti ndinene m'mene zinayambira, chifukwa akuti nkhani yake ikapulumutsa mwana mmodzi, manyazi ake sakhala kanthu.

Inali nthawi imene matekenya anali atangofika kuno, anthu asanadziwe kuwatompha bwino. Ine ndinali ndi miyendo yolimba, ndinkayenda midzi ndi mtolo wa mchere pamutu. Ndinali ndi chizolowezi changa: ndikafika pamudzi, ndisanayambe malonda, ndinkaitana ana n'kumawathira timibulu ta mchere m'manja kuti anyambite. Musaganize kuti unali ufulu wokha ayi. Mwana akanyambita mchere amakalirira amake, ndipo amake amabwera ndi nkhuku.

Tsiku lina ndinafika pamudzi wina cha ku Milepa. Sindiutchula dzina, anthu ake ena ali pompano. Ana anandanda, aliyense kugwada, kuomba m'manja, kulandira ndi manja awiri monga tinaphunzitsidwira tonse. Kumapeto kunali kamtsikana kowonda, tsitsi lofiirira. Kanagwada bwinobwino, koma sikanaombe m'manja. Kanatambasula dzanja limodzi, lamanzerenso, lina kalibisa kumbuyo.

Amayi amene anali pamtondo anafuula onse pamodzi. Wina anati, "Taonani mwano wake! Alendo amalandirira dzanja limodzi?" Wina anati, "Musiyeni, Che Halidi, ameneyo ndi wamakani, sangamve." Mayi wina wachikulire mpaka anakatola kamtengo kuti akaphunzitse ulemu. Anthu abwino ndithu, okonda mwambo. Maso awo onse anali pa dzanja limene linatambasulidwa, ndipo panalibe amene anafunsa za linalo.

Ine ndikanakhulupirira zomwezo, koma ntchentche zinandiuza zina. Ntchentche sizidziwa mwano. Zinkazungulira kumbuyo kwa mwanayo, pamene panali dzanja lokulungidwa m'kansanza. Chinanso, mayi uja atakweza kamtengo, mwanayo sanathawe, sanalire, anangotseka maso n'kudikira. Mwana woleredwa bwino akaona mkwapulo amathawa akukuwa mudzi wonse umve. Mwana amene amangotseka maso ndiye kuti anaphunzira kale kuti kuthawa kulibe phindu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinakalipe. Ndinangoti, "Amayi, ndibwerekeni mwanayu andilozere njira ya kuchitsime, ndikufuna kusamba ndipemphere." Titafika kuchitsime ndinakhala pansi penipeni, kuti mutu wanga ukhale m'munsi mwa mutu wake. Ndinamufunsa dzina. Anati, "Amanditcha Iwe." Ndinamupatsa chinangwa chimene ndinali nacho, n'kuyang'ana kumbali kuti adye momasuka. Atatha ndinati, "Ndingaone dzanjalo?" Analibweretsa yekha pang'onopang'ono.

Amayi, pepani, ndinena pang'ono chabe. Zala zinali zitayamba kumatirirana. Mwanayo anafulumira kunena, ngati wobwereza zimene anamuuza, kuti, "Ndinagwera pamoto." Koma tonse pano tinaonapo mwana wogwera pamoto: amapsa pachikhatho, pabondo, penapake patsitsi, mosalongosoka. Uyu anapsa dzanja lokha, mkati ndi kunja mofanana, ndipo moto unalekeza pamfundo ya mkono, pamene pankaoneka kuti panagwira munthu wamkulu. Sindinamukakamize kutchula munthu. Ndinangoti, "Chilichonse chimene unachita, sichinali choyenera moto." Apo ndi pamene analira, n'kunena kuti anatenga matemba awiri mumphika chifukwa anali atagona ndi njala.

Amake anali atamwalira. Atsibweni ake, amene mwambo wathu umati ndiwo eni mbumba, ndiwo mthunzi wa ana a mlongo wawo, anamutenga n'kupita naye kumudzi kumene anakwatira. Kumeneko anasanduka wotunga madzi ndi wolera ana a eni nyumba. Amene anagwira dzanja n'kuliika pamakala anali akazi a atsibweniwo. Atsibweniwo anali pakhonde, akusema mpini. Sanaimirire.

Ndinalakalaka kupita kukagwetsa nyumba imeneyo, koma munthu wolusa sapulumutsa mwana, amangomuonjezera mkwapulo wa mawa. Ndinaitana mayi wachikulire uja, yemwe uja wa kamtengo, ndinamuonetsa dzanjalo. Kamtengo kanagwa pansi. Iyeyo ndiye anakhala mboni yanga, tinapita limodzi kwa a mfumu a mudziwo, ndipo ndinanena mawu amodzi okha: mlandu muweruza tsiku limene mufuna, koma mwana uyu sagonanso m'nyumba imeneyo. A mfumuwo anavomera kuti ndipite naye akachire. Ndinamubereka kumsana. Mtolo wanga wa mchere ndinausiya pomwepo, ndipo, a Mateyu, tamverani bwino, mvula inaugwera wonse n'kusungunuka. Inu simunatayepo ngakhale chipande chimodzi cha mchere chifukwa cha mwana ameneyu.

Kunyumba ndinapeza akazi anga a Subira, awo akhala apowo akundiyang'ana ndi diso loti ndifupikitse. Mukudziwa nonse kuti Mulungu sanatipatse mwana. A Subira sanafunse kuti ndi wa yani. Anang'amba nsalu yatsopano ya malonda, anawiritsa madzi, anatsuka balalo tsiku ndi tsiku, n'kumalekanitsa zalazo ndi tinsalu todzola mafuta a nsatsi kuti zisagwirane. Anamutompha matekenya onse. Anamutcha Tatu, chifukwa tsopano m'nyumba tinalimo atatu. Poyamba ankabisa chakudya pansi pa mphasa, tinkapeza nyerere zili mbwee. Sitinamukalipire, tinangomusiyira kambale pambali, mpaka anadziwa yekha kuti mawanso kudzakhala chakudya. Tsiku limene anaseka koyamba, chifukwa mbuzi inandigwetsa pakhomo, ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukapukuta maso. Ndinkati mumtima, sipatenga nthawi, anditcha ababa.

Koma a Subira ndi munthu wovuta, woopa Mulungu mopitirira. Anati, "Bambo, mwana si mchere woti mubise mumtsuko. Ali ndi abale ake, tumizani mawu." Ndinakana mwezi wathunthu. Potsiriza ndinatumiza, ndikupemphera kuti wamthengayo asochere. Sanasochere. Anapeza a Idesi, mng'ono wa malemu amake, kuno ku Mbulumbuzi. Iwo ankauzidwa ndi mlongo wawo uja kuti mwana ali bwino, akunenepa. Anafika kwathu akuthamanga, nsalu ili m'manja, ndipo ataona dzanjalo anadzigwetsa pansi. Kumbuyo kwawo kunali mwamuna wina wamtali, wosalankhula, wongomwetulira. Anali a Mateyu awa, ndipo ndinawada pomwepo.

Pabwalo mlandu sunavute. Atsibweni aja analandidwa mwana, akazi awo analipitsidwa, ndipo akuluakulu anati mwana ndi wa mbumba, apite kwa amayi ake aang'ono. Ine ndinaimirira ndi kunena kuti ndinamuona ndine, ndinamubereka ndine, ndinataya mchere ndine. Anandiyankha mwaulemu kuti, "Che Halidi, mwachita zaumunthu, koma wotola nkhuku yosochera sakhala mwini nkhuku." Anaweruza bwino, ndikuvomera pamaso pa a mfumu. Koma chiweruzo chabwino chimawawanso. Ndinaona a Mateyu akumunyamula paphewa, dzanja limene a Subira anachiza litagwira tsitsi lawo.

Kuyambira pamenepo njira zanga zonse za malonda zinayamba kudzera ku Mbulumbuzi, ngakhale ndikupita kosiyana nako. Ndinkabwera ndi mikanda, ndinkabwera ndi nsalu ya maluwa. Ankalandira, tsopano ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo, Che Halidi." Kenaka ankathamanga akufuula, "Ababa, taonani zimene andipatsa!" Nsalu yanga, chimwemwe cha a Mateyu! Anamubatiza, Tatu anasanduka Felista, sanandifunse. Ndinayesetsa kufufuza choipa pa munthu ameneyu. Ndinkayang'ana mapazi a mwanayo ngati muli tekenya, ndinkayang'ana msana ngati pali mzere wa mkwapulo, ndinkafunsa anansi mochenjera. Sindinapeze kanthu. Munthu ameneyu analera mwana wa mlamu wake ngati wobala yekha, ndipo chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima koposa.

Tsopano ndilankhule ndi inu nonse, chifukwa simunaumbe zidina kuti mudzamve za nsanje ya nkhalamba. Pamudzi uja sipanali mfiti. Panali anthu ngati ife. Anamva kulira tsiku limene dzanja linapsa, koma anati za m'nyumba ya eni saziloweramo. Anaona mwana akuonda pamene ana ena a nyumba yomweyo akunenepa, koma anati ndi chibadwa chake. Ndipo pamene bala linamuletsa kuomba m'manja, anamutcha wamwano. Ife timakonda ulemu kwambiri, ndipo n'chinthu chabwino, koma tisanafunse kuti mwana uyu walakwira mwambo uti, tiyambe tafunsa kuti chamuchitikira n'chiyani.

Mukaona mwana amene amadzidzimuka inu mukangokweza dzanja kuti mukande mutu, musaseke. Mukaona mwana amene mapazi ake adyeka ndi matekenya pamene a anzake a nyumba imodzi ndi osalala, dziwani kuti pali amene sakumuyang'ana. Mukaona mtsikana amene kale ankasewera, tsopano wangoti zii, ndipo akamutuma kunyumba ya mwamuna wakutiwakuti amanjenjemera n'kukana, anamkungwi, musamutche waulesi. Mutengereni pambali, mumumvere, ndipo chimene anene muchikhulupirire ngakhale mwamunayo akhale wa ndevu zoyera. Ndiponso inu amene mumalawira kukagwira thangata kuminda ya azungu, ndikudziwa kuti simupita mwakufuna kwanu, koma musatsekere khanda m'nyumba lokha dzuwa lonse. Lisiyeni m'manja mwa munthu. Ngati munthu palibe, nyumba ndi iyi.

Ndipo mukazindikira, musathamange ndi chibonga. Khalani pansi, mwana akuoneni kumaso. Musamupanikize ndi mafunso pagulu. Itanani munthu mmodzi wokhulupirika aone nanu, pitani kwa a mfumu, ndipo chachikulu n'chakuti mwanayo asabwerere tsiku limenelo kumene anapwetekedwa, chifukwa kumeneko akamulanga kawiri, kachiwiriko chifukwa choulula. Kulanga mwana kulipo, tonse tinalangidwa. Koma chilango chimene chimasiya bala, chimene chimamana mwana chakudya, chimene chimafuna moto, chimenecho si chilango. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ine ndionjezepo kuti sungadye naye ngati manja akewo unawasiya apse.

Nyumba iyi inayamba m'khitchini mwa a Idesi. Pa njala ya chaka chathachi, pamene ena ankathamangitsa ana amasiye kuti pakamwa pachepe, Felista ankayenda m'midzi n'kumabwera nawo, wina kumsana, wina kumugwira padzanja. Iye amawadziwa patali, sachita kuuzidwa. Khitchini itadzaza, a mfumu Kalinde anaitana mudzi, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti tinasenza limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo atayamba kukambirana kuti nyumbayi ikhala m'manja mwa Felista, mothandizidwa ndi makolo ake, ine ndinati mumtima, basi, a Mateyu apambananso. Anali ndi mwana wanga mmodzi, tsopano akhala ndi khamu.

Ndiye sabata yathayi ndili pakhonde, ndinaona Felista akubwera yekha, atanyamula tambala woyera. Anagwada, anandipatsa ndi manja awiri, lamanzere losalala ndi lamanja la zipsera lija. Anati ndikhale mlendo wolemekezeka. Ine ukalamba wandichotsa manyazi, ndinamufunsa mosabisa. Ndinati, "Tatu, ndinakubereka kuchokera ku Milepa. Bwanji sunanditchepo ababa ngakhale kamodzi, ngakhale mongolakwitsa?"

Anandiyang'ana m'maso. Kenaka anati, "Che Halidi, abambo ndili nawo, ndipo sindingawalande dzina limene analigwirira ntchito." Ndinamva ngati wandithira madzi ozizira. Koma anapitiriza. Anati, "Chimene ndilibe ndi atsibweni. Amene ndinali nawo anakhala pakhonde ine ndikupsa. Inu munali mlendo, koma munaimirira. Tikakolola ndikukwatiwa, ndipo palibe wondiimira ngati nkhoswe. Ana amene alowe m'nyumba ijanso ambiri alibe mwini mbumba woti akawalankhulire pabwalo. Ndabwera kudzakupemphani kuti mukhale atsibweni anga, ndi awo omwe."

A Subira akuti tambala uja anandipulumuka m'manja, ndipo anthu anamuthamangitsa mudzi wonse ine ndili chikhalire. Sindikukumbuka. Ndimangokumbuka kuti zaka zonsezi ndinkalirira mphasa ya mnzanga, osadziwa kuti mwanayu anandisungira malo amene anasiyidwa opanda munthu.

Dzulo a Idesi, amene ndiwo otsala a mbumba imeneyi, ananena pamaso pa a mfumu kuti andilandira kukhala mlongo wawo. Choncho, a Mateyu, alamu anga, mverani. Liwu lija khalani nalo, ndalephera kukulandani, ndipo ndikavomera kuti nsanje yatheratu ndiye kuti ndanama pamaso pa a Shehe. Koma nonse mukudziwa mwambo wa kuno: bambo ndi mkamwini, mwini ana ndi tsibweni. Kuyambira lero, mukafuna kunena kanthu pa za mwana ameneyu, muzibwera kwa ine, mutavula chipewa.

Ndipo inu nonse, a m'midzi yapafupi ndi yakutali, dziwani kuti ana a m'nyumba muno ali ndi mwini. Miyendo yanga yafooka, koma pakhonde sindikhalapo. Amene adzakweze dzanja pa mmodzi wa iwo adzandipeza pabwalo ndisanamwe ndi madzi omwe.

Felista wapempha chinthu chimodzi, kuti chitseko ichi chisakhale ndi mpiringidzo wakunja, kuti mwana aliyense wothawa adzangokankha n'kulowa, ndipo pasadzakhale wotsekeredwa mkati. Omanga anaikapo umodzi wongoyembekezera mwambo uno. Bwera kuno, mwana wa mlongo wanga, usiye kaye abambo akowo, sathawa. Gwira mbali iyo ndi manja ako onse awiri, ine ndigwire mbali ino, tiuchotse limodzi.

Olemekezeka a mfumu, a Shehe, aphunzitsi, amayi ndi abambo, mwa mphamvu imene mwandipatsa, komanso monga tsibweni wa ana onse amene adzagone pansi pa denga ili, ndikulengeza kuti nyumba ya ana ya ku Mbulumbuzi yatsegulidwa, ndipo mpiringidzo uwu ukasonkhezere moto wophikira phala lawo.

Zikomo kwambiri.